Masheya inde, koma osati a ngongole

Papita masiku ndithu ndisanalembe kanthu. Mukudziwa kale kuti nthawi ya mayeso a mock mphunzitsi wa masamu sapuma, masana choko, usiku kuchonga mapepala. Koma lero ndati ndilembe basi, chifukwa pali nkhani imene yandisowetsa tulo.

Loweruka lina kunabwera mlendo kunyumba kwanga. Ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa kuyambira Form 1 mpaka Form 4, pano ali pa ntchito ku Dwangwa, ali pabanja ndipo ali ndi mwana mmodzi. Anabwera ndi kathumba ka mpunga, ulemu wake ndi womwe uja wa kale. Titadya kondowole wa usipa anayamba nkhani imene anadzera. Akuti akufuna kukatenga ngongole ya K2,000,000 ku banki, yomadula ku malipiro, kuti agule masheya. Anzake a pa gulu lina la WhatsApp amuuza kuti amene anagula chaka chatha lero akumanga nyumba. Ndiye anati, "Aphunzitsi, inu ndi amene munatiphunzitsa compound interest, tandiuzani, ndikulakwa kodi?"

Ndinamuyankha kuti kugula masheya sakulakwa, koma kugula ndi ngongole akulakwa kwambiri. Anachoka nkhope itagwa, ndipo ndikudziwa kuti mumtima ankati mdalayu ndi wamantha. Ndiye ndikufuna ndifotokoze bwino maganizo anga, chifukwa ndikukhulupirira kuti si iye yekha amene akulingalira zimenezi. Ngakhale mu staffroom mwathu nkhani imeneyi yalowa.

Ndiyambe ndi kuvomereza pamene mnyamatayu akulondola. Kusunga ndalama chabe m'dziko muno ndi kuluza. Ine ndinaphunzira zimenezi movutikira mu 2012. Ndinali nditasunga kandalama ka malata a nyumba yanga kwa zaka ziwiri, ndikudikira kuti kakwane ndigule onse nthawi imodzi. Mu May chaka chimenecho kwacha inagwetsedwa, dola imodzi imene inali pa K168 inafika pa K250. Nditapita kusitolo, ndalama ya malata a nyumba yonse inangokwana mbali imodzi ya denga. Zomwezi zinachitikanso mu May 2022 pamene kwacha inagwa ndi 25 peresenti, ndiponso mu November 2023 pamene inagwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Tiwerengere limodzi. Munthu amene anali ndi K1,000,000 m'buku lake anali ndi madola pafupifupi 847 madzulo, kutacha anali ndi madola 588. Palibe wakuba amene anathyola chitseko, koma chuma chapita.

Kuwonjezera apo, mu 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka. Tiyerekeze kuti banki ikukupatsani 5 peresenti pa ndalama zosunga. K100,000 yanu ikhala K105,000 pakutha pa chaka, pamene katundu amene munali kugula ndi K100,000 akufuna K130,000. Buku la ku banki likuonetsa kuti mwapindula, koma msika wa pa boma ukukuuzani zoona. Ndaonapo aphunzitsi akuluakulu amene anatilandira ife titangochoka ku Domasi, atalandira ndalama zawo zopumira pa ntchito n'kuzisiya ku banki kuti azitapako pang'onopang'ono. Patangotha zaka zitatu kapena zinayi ndalama ija inali itasungunuka ngati mchere m'madzi. Choncho munthu akamafunafuna poika ndalama pamene ingakule, ine sindingamuseke.

Ndivomerezenso kuti ife aphunzitsi a m'maboma tinachedwa pa nkhani ya masheya. Msika wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre ndipo unayamba kugulitsa masheya mu 1996, kampani yoyamba inali NICO. Kuchokera nthawi imeneyo kwalowa makampani amene tonse timawadziwa: National Bank, Standard Bank, NBS, Press Corporation, Sunbird, TNM imene inalowa mu 2008, ndi ena. Illovo, eni fakitale ya shuga ya ku Dwangwa m'boma lathu lomwe lino, alinso pa msika umenewu. Taganizani, timadutsa m'minda ya nzimbe ija pa msewu wa M5, abale athu amadula nzimbe, ena amalima n'kumagulitsa ku fakitale, koma ndi angati mwa ife amene anaganizapo kuti atha kukhala ndi kagawo ka kampaniyo? Sheya si chinthu chamatsenga ayi. Ndi kagawo kakang'ono ka umwini wa kampani. Kampani ikapanga phindu imatha kugawira eni masheya ndalama imene amati dividend, ndipo mtengo wa sheya umatha kukwera kapena kutsika malinga ndi kuchuluka kwa ofuna kugula ndi ofuna kugulitsa.

Mu 2020 Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu pa K12.69 imodzi, ndipo chaka chomwecho FDH Bank inagulitsa pa K10. Ine ndinamva zolengeza pa wailesi, ndinangoti izi ndi za mabwana a ku Blantyre. Pofika kumapeto kwa 2024 sheya ya FDH ija inali itadutsa K100. Ndikanakhala kuti ndinaikako K50,000 yokha, ndikanakhala ndi masheya 5,000, masamu enawo muwerengere nokha. Safunsa anadya phula. Ndinadzatsegula maso mochedwa ndipo masheya anga oyamba, ochepa kwambiri, ndinagula mu 2022.

Nanga ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani ndinamuletsa mwana wanga uja? Zifukwa zilipo zinayi.

Choyamba ndi masamu a ngongoleyo. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongola dzanja chake chachikulu pa 26 peresenti, ndipo ngongole za anthu wamba ngati ife zinkaposa pamenepo. Tiyerekeze kuti wakongola K2,000,000 pa 35 peresenti. Chiwongola dzanja cha chaka chimodzi pa ndalama yonseyo ndi K700,000. Ndi zoona kuti chimachepako ukamabweza mwezi ndi mwezi, komabe tanthauzo lake ndi lakuti masheya ako akuyenera kukwera kwambiri ndithu kuti ungobwerera pamene unayambira, usanawerengere ndalama ya broker pogula ndi pogulitsa. Ngongole ili ndi tsiku lake, pa 27 kapena pa 30 adula basi. Sheya ilibe tsiku. Itha kukwera mawa, itha kugona zaka zitatu.

Ena anena kuti nthawi imene mitengo ikukwera wokongola ndi amene amapindula, chifukwa amabweza ndi kwacha yopanda mphamvu. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chake, koma imagwira kwa munthu amene ndalama zimene amapeza zikukwera limodzi ndi mitengo, monga wamalonda amene amasintha mtengo wa katundu wake sabata iliyonse. Malipiro a mphunzitsi kapena a kalaliki sathamanga choncho. Chimanga chikakwera, feteleza akakwera, fizi ikakwera, ngongole ikudulidwabe pa malipiro omwe aja. Ndi pamene munthu amathamangira kwa akatapila kuti mwezi uthe, ndipo kumeneko tonse tikudziwa kuti kulowa n'kosavuta koma kutuluka ndi nkhani ina.

Chachiwiri, tiyenera kufunsa chimene chinakweza mitengoyo. Msika unakwera kwambiri mu 2023 ndi 2024, ndipo mu 2025 unakwera kuposa kawiri. Mbali ina ndi phindu lenileni, makamaka la mabanki. Koma gawo lalikulu la phindu la mabanki m'zaka zimenezi linachokera ku kukongoza boma pa chiwongola dzanja chokwera, ndipo zimenezi zitha kusintha. Mbali inanso ndi yakuti makampani a pa msika wathu sakwana 20, pamene ndalama zofuna pothawira ndi zambiri: za mabungwe a penshoni, za makampani a inshulansi, za anthu olemera amene sangazitulutse kunja chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Ogula akachuluka pa katundu wochepa mtengo umakwera, monga momwe chambo chimachitira pa doko nthawi ya mwera asodzi akalephera kulowa m'nyanja. Nsomba ndi yomwe ija, sinanenepe ayi. Mphepo ikaleka mtengo umabwerera.

Amene muli ndi achibale amene anatchona ku Zimbabwe afunseni za 2008. Mitengo ya masheya ku Harare inkakwera modabwitsa chifukwa ndalama ya dzikolo inali ikufa, mpaka msika unaimitsidwa kumapeto kwa chaka chimenecho. Sindikunena kuti ife tafika pamenepo. Ndikungoti nambala ikamakula m'makwacha, tizichotserapo kukwera kwa mitengo tisanayambe kuvina. Ndipo msika wathu womwewu unatsikapo mu 2009, mavuto a zachuma atagwedeza dziko lonse lapansi. Ana a pa WhatsApp aja nthawi imeneyo anali ku pulayimale, sanaonepo msika ukutsika.

Chachitatu, kugula n'kosavuta koma kugulitsa kumafuna wogula. Masheya ambiri ali m'manja mwa mabungwe akuluakulu amene sagulitsa kawirikawiri, ndipo pali masiku amene masheya a makampani ena sasuntha n'komwe. Tsiku limene anthu ambiri adzafune kugulitsa nthawi imodzi, mtengo umene ukuoneka mu nyuzipepala sudzakhala mtengo umene udzalandire. Mwana akadwala usiku, sheya siingakulipirire galimoto yopita ku chipatala.

Chachinayi ndi chimene tinaona ndi maso athu mu 2024, pamene madzi anasefukira ku Dwangwa ndipo nyanja inakwera n'kumiza nyumba ndi minda m'mphepete muno. Amene chuma chawo chonse chinali pamalo amodzi anatsala manja ali m'khosi. Mnyamata amene malipiro ake atsekeredwa ku ngongole, ndipo ngongoleyo yaikidwa pa kampani imodzi kapena ziwiri, wamanga nyumba yake m'dambo.

Ndiye titani? Ine maganizo anga ndi awa, ndipo ndi zimene ndikuyesa kuchita, ngakhale sindine katswiri wa zachuma, ndine mphunzitsi wa masamu chabe. Yambani mwathana ndi ngongole zodula, makamaka katapila, chifukwa palibe sheya imene ingathamange kuposa chiwongola dzanja chake. Kenako khalani ndi kandalama ka mwadzidzidzi pamalo pamene mungakatenge msanga, kaya ku SACCO, kaya ku banki. Mabungwe a SACCO si achilendo m'dziko muno, MUSCCO inakhazikitsidwa mu 1980. Banki m'khonde nayo ndi yabwino pa zinthu za chaka chimodzi ngati feteleza ndi fizi, bola mamembala akhale odziwana ndipo mabuku aziwerengedwa poyera.

Zimenezi zikatheka, ndalama yotsala, imene simuifuna kwa zaka zisanu, ndiyo ya masheya. Ngakhale K20,000 pa mwezi ndi poyambira. Gulani pang'onopang'ono, mwezi umene mtengo wakwera ndi mwezi umene watsika, ndipo musaunjike pa kampani imodzi kapena pa mabanki okhaokha. Dutsani kwa broker wovomerezeka ndi Reserve Bank, monga Stockbrokers Malawi Limited, Continental Capital kapena Cedar Capital, ndipo masheya alembedwe m'dzina lanu. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene akuti akugulirani, ngakhale atakhala wa kutchalitchi kapena kumzikiti kwanu. Wina akakulonjezani phindu lotsimikizika la mwezi ndi mwezi, kapena akati mubweretse anzanu atatu kuti mulandire zambiri, thawani, amenewo si masheya. Amene simukufuna kusankha nokha makampani mutha kufunsa za unit trust, kumene ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa n'kuyendetsedwa ndi akatswiri, kapena za ma treasury bill a boma a masiku 91, 182 ndi 364. Ndipo muuzeni mkazi wanu kapena mwamuna wanu kumene mapepala ali. Chuma chobisa chimathera m'mabuku a eni ake mwini akamwalira.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi pempho limodzi. Timaphunzitsa simple interest ndi compound interest ngati nyimbo yoloweza, ana akhoza mayeso, kenako akagwa m'manja mwa akatapila ngati sanapite ku sukulu. Mlandu umenewu ndi wathunso. Tikafika pa mutu umenewu tizibweretsa nyuzipepala m'kalasi, ana aone mitengo ya masheya, awerengere okha chimene kugwa kwa kwacha kwa 2023 kunachita pa K1,000,000, ayerekeze ngongole ya ku banki ndi ya katapila. Phunziro limodzi lotere litha kupulumutsa banja lathunthu zaka khumi zikubwerazi.

Kwa iwe mwana wanga wa ku Dwangwa, ndikudziwa uwerenga. N'kutheka kuti masheya akwerabe ndipo udzanena kuti aphunzitsi anandilepheretsa kulemera. Ndidzavomera mlanduwo. Koma ndingakonde undidandaule uli ndi malipiro ako athunthu kusiyana n'kuti udzandipeze uli ndi ngongole ya zaka zitatu ndi mapepala osagulika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukadzabweranso tidzakhale pansi ndi kope ndi pensulo, tiwerengere zimene ungakwanitse pa mwezi popanda kukongola. Mpunga uja tadya, ndi wokoma, uwathokoze mayi a kunyumba.