Microsoft Inabisa Njira Yacitatu

Pa 27 October, 2025, bungwe la boma loteteza ogula m'dziko la Australia, lochedwa ACCC, linasumira kampani ya Microsoft ku bwalo lalikuru la milandu. Dandaulo lace linali lakuti kampaniyo inasoceretsa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni amene amalipira kuti azigwiritsa nchito Microsoft 365, mtolo wa mapulogramu a pa kompyuta momwe muli Word wolembera makalata ndi Excel woŵerengetsera ndarama.

Kuyambira pa 31 October, 2024, Microsoft inaonjezera m'mtolowo cida catsopano cochedwa Copilot, cimene cimalemba ndi kuyankha mafunso ngati munthu. Pamodzi ndi cidaco mtengo unakwera. Wolipira payekha, amene anali kupereka madola 109 a ku Australia pa caka, anayenera tsopano kupereka 159. Wolipirira banja anacoka pa 139 kufika pa 179.

Malinga ndi ACCC, makalata amene kampaniyo inatumizira ogula anaonetsa njira ziŵiri zokha: kulandira Copilot ndi kulipira mtengo watsopano, kapena kuleka mapulogramuwo. Koma panali njira yacitatu, yochedwa Classic, imene inalola munthu kukhalabe ndi mapulogramu ace akale pa mtengo wakale. Njira imeneyi siinachulidwe m'makalatawo. Inali kuonekera kwa munthu yekhayo amene anayamba kale kuthetsa pangano lace. Mkuru wa bungwelo, Mai Gina Cass-Gottlieb, anati kampaniyo inabisa njirayo mwadala.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Kukweza mtengo si mlandu, pakuti wamalonda ali ndi ufulu wochula mtengo wa katundu wace, ndipo wogula ali ndi ufulu wokana. Koma ufulu wokana ulibe mphamvu ngati wogula sanaonetsedwe zonse zimene zilipo. Zikufanana ndi mwini sitolo amene auza munthu kuti sopo alipo ndi wodula yekha, ndipo aturutsa wochipa pamene munthuyo wafika kale pakhomo poturuka. Amene apulumuka ndi wamakani. Wofatsa ndi wokhulupirira ndiye alipira zambiri. Lamulo la ku Australia limadziŵa cinyengo cotere: siliyang'ana mau onenedwa okha, koma cithunzi conse cimene catsala m'maganizo a wogula, ndipo kukhala cete pa cinthu cacikuru kukhoza kukhala kusoceretsa.

Pali zifukwa ziŵiri zimene kubisa kotere kumapindulira kampani. Coyamba ndi kalipiridwe. Kale munthu anali kugula pulogramu kamodzi m'bokosi, ikhala yace. Kuyambira caka ca 2013 Microsoft inayamba kukokera mabanja ku pangano lolipira mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka, ndipo ndarama zimadulidwa zokha ku banki nthawi ikakwana. Cotero munthu amene sanacite kanthu amayesedwa wavomera. Caciŵiri ndi mantha. Wogula amene wasunga makalata, zithunzi ndi maŵerengero ace a zaka zambiri m'nkhokwe ya kampaniyo pa intaneti sangafulumire kukhudza batani lothetsa pangano. Njira yochipa inaikidwa pamalo pamene ambiri amaopa kupondapo.

Cimene cinafulumiza kampaniyo sicobisika. Mu January 2025 Microsoft inalengeza kuti idzagwiritsa nchito madola a ku America pafupifupi 80 biliyoni m'caka cimodzi pomanga nyumba za makompyuta oyendetsa zida zonga Copilot. Ndarama zotere zimayenera kubwerera, ndipo njira yacidule ndiyo kumangirira cida catsopano ku katundu amene anthu sangathe kukhala popanda iye, kaya acifuna cidaco kaya sacifuna.

Microsoft siili yokha pa madandaulo otere. Mu June 2024 boma la America linasumira kampani ya Adobe, mwini wa Photoshop, ponena kuti inabisa m'zilembo zazing'ono cindapusa ca munthu wofuna kuleka pangano caka cisanathe, cimene cinali theka la ndarama zotsala. Ogula ambiri anali kuyesa kuti alipira mwezi ndi mwezi cabe, osadziŵa kuti amangidwa caka cathunthu. Ku Adobe cobisika cinali mtengo woturukira. Ku Microsoft cinali mtengo wokhalira. Konse kuŵiri wogula anadziŵa coonadi atafika pakhomo.

Kuciyambi kwa November 2025, patangopita masiku oŵerengeka cisumiridwe, Microsoft inapepesa kwa ogula a ku Australia, inavomera kuti ikadafotokoza momveka za njira yopanda Copilot, ndipo inalonjeza kubweza ndarama zoonjezera kwa obwerera ku Classic. Kupepesako kunadza patapita caka cathunthu anthu akudandaula, ndiponso mlandu utalowa m'bwalo. Cilango ca mlandu wotere si camasewera: mu 2025 lamulo linali kulola cindapusa cofika madola 50 miliyoni a ku Australia, kapena kuŵirikiza katatu phindu lopezedwa, kapena, ngati phindulo silingathe kuŵerengeka, 30 pa 100 ya malonda a kampani pa nthawi ya kulakwako, malinga ndi cimene cakula koposa.

Kubweza ndarama kumathandiza okhawo amene aŵerenga kalata ndi kucitapo kanthu, ndipo okhala cete amatsalanso pa mtengo wokwera monga poyamba. Cifukwa cace mankhwala eni-eni ali pa ciyambi, osati pa mapeto. Pamene kampani isintha mtengo, njira zonse ndi mitengo yace ziyenera kulembedwa m'kalata imodzi, m'zilembo zofanana, ndarama zisanadulidwe. Kampani yokhulupirira kuti cida cace catsopano n'cabwino siiyenera kuopa kuciika pambali pa cakale, kuti wogula asankhe yekha.