Kodi Chigamulo cha Khoti Chatimasula Pakamwa?

Aliyense amene anafikapo pa doko ku Makawa kapena ku Monkey Bay m'mawa, pamene asodzi akukocheza, amadziwa momwe mawu amatenthera pa mtengo wa usipa. Mkangano ukakula, wina amati, "Tikaonana ku polisi." Kodi mawu ati ndi mlandu wa ku polisi?

Mu 2022 apolisi anamanga a Joshua Chisa Mbele chifukwa cha zimene analemba pa intaneti zokhudza a General Vincent Nundwe, amene panthawiyo anali mkulu wa asilikali a dziko lino. Anawazenga mlandu woipitsa mbiri ya munthu potsata gawo 200 la malamulo a milandu yaupandu. A Mbele anakadandaula ku Khoti Lalikulu, ndipo mu July 2025 oweruza atatu anagamula kuti gawoli likutsutsana ndi ufulu wolankhula zakukhosi, umene uli m'gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko lino. Motero mlandu wawo unatsala wopanda maziko.

Chigamulochi n'chothandiza anthu wamba. Kawirikawiri amene amathamangira ku polisi akanenedwa ndi anthu audindo kapena achuma, ndipo wogona m'chitokosi amakhala wosauka. Tsopano woona kuti mbiri yake yaipitsidwa ayenera kukasuma yekha ku khoti, kupereka umboni ndi kupempha chipepeso. Msodzi wofunsa komiti ya pa doko za ndalama zamsonkhamsonkha asaopsezedwenso ndi gawo 200.

Komabe tisasokoneze nkhani. Khoti silinafafanize malamulo onse okhudza mawu. Kutukwana munthu mwa njira yoti ingabutse ndewu ukadali mlandu pansi pa gawo 182. Kuopseza munthu kuti umuvulaza kapena umuotchera nyumba ndi mlandunso. Lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti limaletsanso kuvutitsa munthu ndi mauthenga a pa foni.

Choncho wina akadza kwa ife akudandaula kuti wanenedwa, tiyambe tamufunsa mawu enieni amene ananenedwawo. Ngati ndi chiopsezo, tisachedwe kumuperekeza ku polisi, pakuti moyo uli pangozi. Ngati ndi mawu aukali chabe a pa msika kapena pa mjigo, ankhoswe, akuluakulu a m'mudzi ndi bwalo la mfumu angathe kuyanjanitsa anthuwo, amene mawa adzakumananso pa doko lomwelo.