Za mpira wa Notre Dame timazidziwa, nanga za udzudzu?

Loweruka la mpira likafika ku South Bend tonse timadziwa misewu yoyenera kuipewa, ndipo ena mwa ife tili ndi zipewa za timu ya Notre Dame. Koma ndi angati amene tikudziwa kuti pa yunivesite yomweyo anthu atha zaka zambiri akulimbana ndi udzudzu umene unatidwalitsa tili ana, umenenso ukuthabe ana a abale athu kumudzi? Ife tikuona kuti kusadziwa kumeneku n'kochititsa manyazi.

Titchulepo katswiri mmodzi, Pulofesa Frank Collins. Asanabwere ku Notre Dame mu 1997, bamboyu anagwira ntchito ku CDC, mumzinda wa Atlanta. Ali kumeneko, mu 1986, iye ndi anzake anasonyeza kuti posankha ndi kuswanitsa udzudzu wa Anopheles gambiae n'zotheka kupeza mtundu umene thupi lake limapha tizilombo ta malungo tisanakhwime. Ganizo lofuna kusintha udzudzu weniweniwo, m'malo mongouthira mankhwala, linapeza mphamvu pamenepo.

Ntchito imene ife timaiona kuti ndi yaikulu koposa ndi ya mu 1993, ngakhale siitchuka m'manyuzi. Udzudzu umene timangouti “udzudzu” uli m'mitundu ingapo yofanana kotheratu, moti ngakhale pa makina oonera zinthu zazing'ono sungaisiyanitse. Chonsecho makhalidwe ake ndi osiyana. Wina umakonda magazi a munthu ndipo umaluma m'nyumba usiku. Wina, arabiensis, umaluma ndi ng'ombe zomwe, panja pomwe. Winanso umakonda nyama basi. Tsono boma likagula maneti kapena kupopera mankhwala m'makoma osadziwa kuti m'deralo muli mtundu uti, ndalama zikhoza kungolowa m'madzi. A Collins ndi anzawo awiri, Julie Scott ndi William Brogdon, anakonza njira yoyezera DNA ya udzudzu umodzi n'kudziwa mtundu wake. Ofufuza a mu Africa muno ndi kwina anaitenga njirayo n'kuisandutsa khasu la tsiku ndi tsiku. Pepani, tati “muno” ngati tili kwathu. Mtima suzolowera msanga.

Mu 2002 a Collins anali m'gulu la atsogoleri a ntchito yowerenga ndondomeko yonse ya chibadwa cha Anopheles gambiae, imene inatuluka m'magazini ya Science mu Okutobala. Pambuyo pake anathandiza kukhazikitsa VectorBase, nkhokwe ya pa intaneti imene inalola wophunzira wa ku Blantyre kuona zomwezo zimene wa ku London akuona, osalipira.

Wina anganene kuti: zaka zonsezi, malungo bwanji sanathe? Funsoli n'lomveka ndipo sitilinyoza. Kwathu udzudzu wovuta kwambiri m'madera ambiri ndi Anopheles funestus, ndipo mu 2010 ofufuza analengeza kuti wa pa chilumba cha Likoma sunkafanso ndi mankhwala a m'maneti. Koma onani, amene anazindikira zimenezo ndi ofufuza omwewo, ndipo kudziwa kumeneko n'kumene kunabweretsa maneti a mankhwala atsopano. Popanda iwo tikanangomadabwa kuti mwana wagona mu neti koma watentha thupi.

Ife a ku Indianapolis tili ndi wathunso pafupi. Dokotala Chandy John wa ku Indiana University, pamodzi ndi anzake a ku Uganda, anasonyeza mu 2008 kuti mwa ana anayi opulumuka malungo a mu ubongo, pafupifupi mmodzi amakhala ndi vuto la kuganiza ndi kukumbukira patapita zaka ziwiri. Tikumbukire ana amene tinkawaseka ku pulayimale kuti ndi mbuli. Ena mwa iwo mwina anali otsala a malungo.

Pano m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife makolo. Ambirife tinayamba ndi ntchito yosamalira okalamba, mashifiti awiri pa tsiku, ndipo mwana akamaliza sekondale timamukankhira ku maphunziro obweretsa ndalama msanga. Sitikudzudzula, lendi sidikira, nawonso akumudzi akuyang'ana kwa ife. Koma mwana akati akufuna kukhala zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akufufuza udzudzu, tisamuyankhe kuti “udzadya chiyani?” Ophunzira a PhD m'masayansi amenewa kuno nthawi zambiri salipira fizi, amalandiranso kangachepe pa mwezi. Mwana wathu ali ndi chimene anzake alibe: amamva Chichewa, ali ndi agogo ku Nkhotakota kapena ku Nsanje, ndipo akafika m'mudzi anthu amutsekulira chitseko.

Choncho tikupempha akomiti kuti pa chikondwerero cha ufulu cha pa 6 Julaye, nsima isanafike, tipatule ola limodzi tiitane wofufuza mmodzi wa ku Notre Dame kapena wa ku Indianapolis adzacheze ndi achinyamata athu. Funso loyamba tili nalo kale: ana athu obadwira kuno, amene matupi awo sadziwa malungo, tiwateteze bwanji tikamapita nawo kumudzi mu Disembala, mvula itagwa?