Kodi Nsomba Zonse Zingakhale m'Dziwe Limodzi?

Iye wofuna kukumba dziwe la nsomba kuno ku Bwanje ayambe wafunsa: kodi mitundu yonse ingakhale m'madzi amodzi? Iyayi ndithu.

Anthu akunja oweta nsomba zokongola m'galasi adziwa ichi. Kansomba kotchedwa betta, ka ku Thailand, kafuna madzi ofunda. Goldfish ya ku China ifuna ozizirirapo. Mukaziika pamodzi, imodzi idzafooka.

Kwathu kuno mlandu uli pa mlamba. Makumba ndi chilunguni zikhala bwino pamodzi, pakuti makumba adya tizomera tobiriwitsa madzi, pamene chilunguni chidya masamba ndi udzu. Gaga zilandira zonse. Koma mlamba waukulu umeza tiana ta nsomba, ndipo m'dzinja ukwawa pa udzu wonyowa kufikira ulowe m'dziwe. Chifukwa chake tsekani polowera madzi ndi sefa, lambulani m'mphepete, ndipo mlamba muusunge m'dziwe lakelake.

Mulungu anapatsa cholengedwa chilichonse malo ake. Tikasamala dongosolo limenelo, ana athu sadzasowa ndiwo.