Maluwa Opirira Chilala Apeze Malo Pakhomo, Chinaka Chitsale Kumapiri

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'tsoka chifukwa cha chilala. Nkhani yaikulu inali ya chimanga, ndipo kunali koyenera kutero, pakuti njala siyembekeza. Koma chaka chouma chimaphunzitsanso kanthu kena kwa eni makomo a m'matauni, amene amathira madzi a pampopi, olipira ndi ndalama, pa kapinga ndi maluwa ochokera kumaiko ozizira, namaona zonsezo zikufota dzuwa la Okutobala likafika. Funso loyenera kufunsa ndi ili: kodi dziko lino lilibe maluwa ake amene anazolowera kale dzuwa lake?

Maluwawo alipo ndithu. Mtundu wa zomera zimene m'Chingerezi zimatchedwa orchid, umene chinaka ndi mbali yake, uli ndi mitundu yoposa 400 m'Malawi muno, ndipo pafupifupi 200 mwa iyo imapezeka pa Nyika. Yambiri simera pamitengo monga ija ya m'masitolo, koma m'nthaka. Pakati pa iyi pali banja lotchedwa Eulophia, limene lili ndi mitundu ina yosaopa chilimwe. Eulophia speciosa imamera m'dothi la mchenga ndipo imatulutsa maluwa achikasu pa phesi lalitali nyengo ya mvula ikamayamba. Eulophia petersii, imene inatenga dzina la Wilhelm Peters, Mjeremani amene anafufuza zamoyo ku Mozambique m'zaka za m'ma 1840, imamera pakati pa miyala m'malo otentha, ndipo masamba ake ndi olimba, aminyanga m'mphepete ngati a khonje. Mphamvu ya zomera zimenezi ili m'zibalobalo zotupa za kutsinde, m'mene zimasunga madzi ndi chakudya monga mlimi wanzeru asungira dzinthu m'nkhokwe.

Kasamalidwe kake sikovuta, koma kamatsutsana ndi chizolowezi cha anthu ambiri. Chimene chimapha maluwa amenewa kawirikawiri si ludzu koma madzi ochuluka, amene amaoletsa mizu. Motero ayenera kubzalidwa pamalo okwera pamene madzi sadikha, kapena mumphika wobooka pansi, m'dothi la mchenga losakaniza ndi timiyala ndi masamba owolerana. Ndowe yaiwisi ndi feteleza wambiri zimaotcha mizu. Zibalobalo za petersii zikhale poyera pamwamba pa dothi, pamene za speciosa zikwiriridwe pang'ono chabe. M'miyezi yozizira ndi youma chomera chimapuma, ndipo mwini wake aleke kuchithirira kufikira mphukira zatsopano zitaoneka. Tsinde likakula, ligawidwe mvula isanagwe, chigawo chilichonse chikhale ndi zibalobalo zitatu kapena kuposa. Chigawo chotere chikhoza kutha chaka osachita maluwa. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsono apa ndi pamene pali chenjezo lalikulu. Munthu akamva kuti maluwa amenewa ndi okongola, mtima umamuuza kutenga khasu ndi kupita kutchire. Ameneyo aononga chuma cha dziko, ndipo iye mwini sapindula kanthu. Mbewu za zomera izi ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya chake m'kati, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi nkhungu ya m'nthaka yonga mizu ya bowa, imene imazidyetsa zikadali zanthete. Chifukwa chake malo akakumbidwa onse, pamapita zaka zambiri asanabwerere m'chimake. Ndiponso mitundu ya Disa ndi Satyrium, imene imapereka chinaka, ndi ya m'madambo ndi m'mapiri ozizira monga Nyika ndi Viphya. Kuitsitsira pabwalo louma la ku Lilongwe kapena ku Salima ndiko kuipha.

Za chinaka m'pofunika kulankhula mosabisa. Ndi ndiwo yakalekale, yophikidwa ndi nsinjiro ndi chidulo, ndipo mabanja osauka ambiri amapezerapo ndalama ya sopo ndi mchere. Palibe wanzeru amene anganyoze mayi wamasiye wokumba chinaka kuti adyetse ana ake. Koma wokumba akachotsa chinaka chimene chinayenera kuphuka chaka chamawa, chomera chonse chatha. Ku Zambia, kumene chakudyachi chimatchedwa chikanda, malonda ake anakula kotero kuti amalonda anayamba kukachitenga ku Tanzania, ku Angola ndi kuno ku Malawi. Boma la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo m'chaka cha 2005 makamaka chifukwa cha maluwa ake. Phunziro limeneli lachokera kwa anansi apafupi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Dziko lino silinakhale manja lende. Nyika ndi malo otetezedwa kuyambira 1965. Malawi analowa m'pangano la CITES m'chaka cha 1982, ndipo pangano limeneli limaletsa kutumiza zomera za mtundu umenewu kunja popanda chilolezo. M'chaka cha 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, limene likulu lake lili ku Zomba ndipo lili ndi minda ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Maziko alipo; koma lamulo lokha silingalonde dambo lililonse, ngati mafumu, aphunzitsi ndi eni makomo salithandiza.

Chimene chikufunika tsopano ndi chapafupi. Wofuna maluwa amenewa apemphe chigawo kwa mnzake amene ali nawo kale, ndipo asagule tsinde lokumbidwa kutchire limene likugulitsidwa m'mbali mwa msewu, pakuti wogula ndiye amatuma wokumba. Kumene tchire likulambulidwa kuti pamangidwe nyumba kapena msewu, zomera zimene zikanaphwanyidwa zipulumutsidwe ndi uphungu wa alangizi a za nkhalango. Olima mbande ayambe kuchulukitsa mitundu yopirira chilalayi, ndipo masukulu aipatse kangodya m'minda yawo kuti ana aidziwe. Okumba chinaka nawonso alimbikitsidwe kusiya zomera zina pa dambo lililonse kuti zibale mbewu.

Khomo lotere lidzakongola popanda kumwa madzi amene mudzi ukuwasowa, ndipo phiri lidzasunga chinaka cha adzukulu.