Masulani ma Ukwa, ngakhale nyumba ndi ya lendi

Mwezi ukamatha mu Lusaka muno timawaona ma Canter atasenza matiresi, mbaula ndi zidebe, wina akuchoka ku Chawama kupita ku Kanyama, wina ku Mtendere kutsikira ku Kalingalinga. Ambiri a ife tasamukapo kangapo tisanafike zaka 30. Kulonga katundu timakudziwa bwino. Chimene chimatikanika ndi kukhazikika tikafika.

Lowani m'chipinda cha mnyamata amene wakhala pa yadi imodzi zaka ziwiri. Tivi ili pamalo pake, chaja ili pakhoma, koma kuseri kwa chitseko kuli ma Ukwa atatu omanga monga anatsikira mu Canter. Mukamufunsa akuti, "Pano ndili kwa kanthawi chabe, ndikumanga ku Chongwe." Koma pulotiyo ikali pa silabu, ndipo simenti sitsika mtengo.

Maganizo awa ali ndi pochokera. A landilodi angakweze lendi nthawi iliyonse, angakupatseni notisi ya mwezi umodzi chifukwa mphwawo akukwatira, ena amakana ngakhale msomali umodzi pakhoma. Munthu amaona kuti kumasula zonse n'kudzivutitsa. Ife tikuti masulani ndithu, chifukwa kukhala ngati mlendo m'nyumba imene mukulipira kuli ndi mtengo wake.

Mtengo woyamba umabwera ndi mvula. Mbali zambiri za Kanyama ndi makomboni ena a kumadzulo ndi zafulati, pansi pali mwala, ndipo mvula ikalimba mu January ndi February madzi alibe kothawira. Amalowa m'nyumba usiku, ndipo choyamba kunyowa ndi chikwama chija chili pansi. Mkati mwake ndi mmene muli satifiketi ya Grade 12, khadi la mwana la kusikelo, mapepala a puloti ija. Amene anamasula katundu sabata yoyamba amakhala ataona kale mzere wa chinyezi pakhoma, bowo la palata ndi njira ya makoswe. Ajambula pafoni, aonetsa a landilodi ndalama ya lendi ikali yotentha m'manja mwawo. Pakapita miyezi isanu, mng'alu uliwonse umakhala wanu.

Koma katundu wovuta kumasula si wa m'zikwama. Ndi pakamwa. Timalumikiza tivi tsiku lomwelo, koma pamatha mwezi tisanachite odi pakhomo loyandikana nalo. Chonsecho amake Junior a pakhomo pajapo ndiwo adziwa nthawi imene madzi amabwera pampopi, tsiku limene otola zinyalala amapita, ndi kanjira kamene simuyenera kudutsa dzuwa likalowa chifukwa cha anyamata olanda mafoni. "Mwachoma bwanji amayi, ndine ndalowa m'chipinda cha kumapeto" ndi mawu aulere, koma tsiku limene loko wanu adzathyoledwa masana, ndi mawu amenewa adzachititsa munthu kukuwa m'malo mongoyang'anira pawindo.

Palinso nkhani ya mita ya ZESCO imene mabanja anayi agawana. Aliyense amene anakhalapo pa yadi yotere adziwa kuti maukwati sayambanitsa anthu monga ma yuniti. Wina ali ndi sitovu ya mapuleti awiri, wina ali ndi babu limodzi ndi foni, koma asonkha mofanana. Izi zimakambidwa sabata yoyamba, nkhope zikali zosekerera, pamodzi ndi ndandanda yotsuka chimbudzi. Mukadikira malaiti azime pakati pa mpira, simudzakambirana, mudzangotukwanana.

Za chimbudzi sitikuseka. Kolera imene inayamba mu October 2023 inakula mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa mu January 2024. Matendawa sanafunse kuti mwininyumba ndani, wa lendi ndani. Yadi imene aliyense akuti "ine ndikupita" ndi yadi imene ngalande yake palibe amaigwira, chifukwa aliyense akusiyira amene adzabwera pambuyo. Ngakhale voti timaisiya kumene tinachoka. Tikhala ku Matero, dzina lili ku Chawama kumene tinalembetsa, ndiye khansala wa kumene madzi akutilowera m'nyumba alibe nafe ntchito.

Ena akuti kukongoletsa nyumba ya mwini n'kulemeretsa landilodi. Sitikunena zoika matailosi kapena siling'i. Tikunena zinthu zimene zimakwera Canter pamodzi ndi inu: kashelefu ka mapulanga kochokera kwa akalipentala a mu Alick Nkhata Road, njerwa zinayi zokwezera bedi, katani, chidebe chovundikira cha madzi akumwa, fayilo yapulasitiki ya mapepala yoikidwa pamwamba. Chithunzi cha amayi anu chikhoza kutsamira khoma pashelefupo ngati msomali ndi woletsedwa.

Ma Ukwa akatha kumasula, apindeni muwaike pansi pa matiresi. Notisi ikadzabwera, kulonga chipinda chimodzi ndi ntchito ya Loweruka limodzi, ndipo amake Junior adzakubwerekani mwana wawo wamkulu kuti akuthandizeni kunyamula.