Kompyuta ya malume ndi fayilo imene inakana kutseguka

Tchuthi chapitachi nditafika kumudzi ku Mphunzi, ndinapeza malume akundidikirira ndi ntchito. Iwo ndi mphunzitsi wopuma, ndipo kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo kwakhala kuli chikompyuta chotuwa, chija cha sikirini yotupa kumbuyo, chofundikidwa chitenje. Anachigula cha m'ma 2002 kwa anthu ena a pulojekiti amene ankatseka ofesi yawo ku boma. Kwa zaka zingapo ankalembamo zimene mayi awo, agogo anga, ndi akuluakulu ena a m'mudzi ankawauza: mndandanda wa mafumu athu, malire a minda ya mbumba yathu, nyimbo za pamtondo, ndi mmene anthu anapulumukira njala ya 1949. Onse amene anafotokoza zimenezo anatisiya. Chaka chino kwabuka mkangano wa malire kudambo, ndiye malume akufuna zimene agogo ananena pa nkhaniyo, mawu ake enieni.

"Iwe uli ku yunivesite, zimenezi uzidziwa," anatero. Ine ndimaphunzira mbiri ndi zilankhulo, koma kumudzi aliyense wa ku yunivesite ndi dokotala, loya komanso wokonza mawailesi.

Chikompyutacho sichinayake. Ndinachotsamo hard disk n'kupita nayo ku Dedza boma kwa mnyamata wina wokonza mafoni ndi malaputopu. Anailumikiza ku laputopu yake ndi kachingwe ka USB, ndipo disikiyo inaoneka ngati mulibe kanthu. Atauza Windows kuti ionetse mafayilo obisika, panatulukira fayilo imodzi yaikulu, yodzaza pafupifupi disiki yonse, dzina lake DRVSPACE.000. Anaidina, sinatseguke. Anayesa WinRAR, ayi ndithu. "Iyi ndi vairasi, aise. Tingofomata basi." Dzanja lake linali kale pa mausi. Chimene chinandichititsa kumuletsa si nzeru ayi, koma mantha a nkhope ya malume.

Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti fayilo ija ndiyo inali kompyuta yonse ya malume. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ma hard disk anali aang'ono ndiponso odula, moti disiki ya 40MB kapena 80MB inali ya munthu wolemekezeka. Mu 1990 kampani ya ku California yotchedwa Stac Electronics inatulutsa pulogalamu ya Stacker, yolonjeza kuwirikiza kawiri malo a pa disiki. Inkatenga mafayilo onse n'kuwafinyira mufayilo imodzi yobisika, kenako kompyuta ikamayaka, kapulogalamu kena kankayamba kudzuka n'kumaonetsa fayilo imodziyo ngati ndiyo disiki C. Mukatsegula kalata, inkaifutukula, mukasunga, inkaifinyanso. Microsoft inaika chinthu chofanana nacho, DoubleSpace, mu MS-DOS 6.0 mu 1993. Stac inasuma, ndipo mu February 1994 khoti la ku Los Angeles linagamula kuti Microsoft ilipire madola 120 miliyoni chifukwa chogwiritsa ntchito luso la eni ake. Microsoft inachotsa DoubleSpace mu MS-DOS 6.21, n'kubweranso mu 6.22 ndi ina yotchedwa DriveSpace, yofinya mwa njira yosiyana ndi yoyamba ija. Taganizani: m'zaka zosakwana ziwiri, kampani imodzi, mitundu iwiri ya kufinya. Ya malume inali DriveSpace 3, imene inkapezeka mu Windows 98.

Mavuto ake anali odziwika ngakhale nthawi imeneyo. Kapulogalamu kofutukula kaja kankadya gawo la 640KB ya memory imene mapulogalamu a DOS ankalimbirana, ndiye ena ankakana kuyaka. Malo otsala amene kompyuta inkaonetsa anali ongoyerekeza, poganiza kuti chilichonse chidzafinyika ndi theka. Mukaikamo zinthu zosafinyika, disiki inkadzaza ikuonetsabe kuti malo alipo. DriveSpace sinkagwira pa disiki ya FAT32, imene inali ikuyamba kufala nthawi yomweyo. Ndipo Windows 2000 ndi XP, ngakhale ndi za kampani yomweyo, sizinkatha n'komwe kuwerenga disiki yofinyidwa motero. Mnyamata wa ku boma uja sanali mbuli. Anabadwa chinthucho chitafa kale, ndipo palibe pa laputopu yake chimene chikanamuuza kuti akuyang'ana chiyani.

Anatipulumutsa ndi mnzanga wa pa hostel amene amaphunzira za makompyuta. Anakopera disiki yonse mmene inalili, n'kuyatsa kope lakelo mkati mwa VirtualBox, pulogalamu imene imanamiza Windows yakale kuti ili pa kompyuta yakeyake. Windows 98 inakana kufika pa zithunzi, koma pa sikirini yakuda ya DOS kapulogalamu kofutukula kanadzuka, ndipo mafayilo anaonekera ndi maina odulidwa, MAFUMU~1.DOC, MALIRE~1.DOC. Tinatha mausiku atatu. Mafayilo awiri sanatuluke, ndipo imodzi mwa iwo inali ya nyimbo za pamtondo. Pa disiki wamba, kachigawo kamodzi kakaola mumataya mizere ingapo, yotsalayo n'kumawerengeka. Pa disiki yofinyidwa, kachigawoko kamapita ndi mtolo wonse umene kanamangidwamo.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena kwa ife amene makompyuta athu ndi a kaunjika. Kufinya n'kwabwino potumiza chinthu. Posunga chinthu chimene muli nacho chimodzi chokha, kufinya ndi ngongole imene adzabweze ndi munthu wina, pa kompyuta ina, chaka chimene inu simukuchidziwa. Amene anafinya disiki ya malume, kaya ndi anthu a pulojekiti aja kaya ndi wina, anapeza mamegabaiti mazana angapo tsiku limenelo. Sanalembe kapepala n'kumata pa bokosi. Malume agwiritsa ntchito kompyutayo zaka zonsezi osadziwa kuti zolemba zawo zili m'chilankhulo chimene chimamveka ndi mapulogalamu ochepa okha padziko lapansi.

Wina anganene kuti izi ndi zakale, za agogo a makompyuta. Koma yendani m'mahostel muone. Ambiri tili ndi timalaputopu ta 32GB kapena 64GB, kapena zikuluzikulu zakale zimene zinagwira ntchito m'maofesi a ku Ulaya zisanafike kwa ife. Windows ikangodzikonza kawiri, kamzere ka disiki C kamafiira. Ndiye pamabwera mnzanu wodziwa zonse, kapena kavidiyo ka pa YouTube, n'kukuonetsani kabokosi kochonga kuti disiki yonse ifinyidwe. Kabokosi kameneko ndi ka NTFS, kalipo kuyambira Windows NT 3.51 mu 1995, ndipo kunena zoona n'kabwinoko kuposa DriveSpace chifukwa kamafinya fayilo iliyonse payokha. Komabe amene anagwiritsapo Windows 7 akukumbukira uthenga uja wakuti BOOTMGR is compressed, kompyuta itakana kuyaka chifukwa fayilo yoyatsira nayonso yafinyidwa. Ndinaona mtsikana wina wa chaka chachinayi akulira ndi uthenga umenewo kutatsala masiku awiri kuti apereke dissertation.

Chimene kavidiyo sikanena n'chakuti zambiri zimene zadzaza malaputopu athu zinafinyidwa kale. Zithunzi za JPEG, nyimbo za MP3, mafilimu a MP4, zonsezi zinaphwa kale madzi. Ngakhale fayilo ya Word ya .docx ndi ZIP yovala dzina lina. Isintheni dzina kukhala.zip muone mmene itsegukire. Kufinya zinthu zotere kuli ngati kupondaponda thumba la chimanga chotong'ola kale: mutuluka thukuta, malo osapezeka. Purosesa yakale ija ndiyo imavutika, ndipo pa disiki yozungulira mafayilo amamwazikana tizidutswa, kompyuta n'kumayenda ngati ngolo yamatayala akuphwa. Palinso msampha wina. Mafulashi ambiri ndi a FAT32 kapena exFAT, amene sadziwa za kufinya kwa NTFS. Mukakopera foda yanu kupita pa fulashi, imabwerera kukula kwake kwenikweni, ndiye mumadabwa kuti bwanji zinthu zimene zimakwana pa laputopu zikukana kulowa, inu muli pamzere wa ku print.

Za WinRAR ndi anzake n'chimodzimodzi, kungoti mochepa. Mu 2013 WinRAR 5.0 inabwera ndi mtundu watsopano wa RAR umene mapulogalamu akale sautsegula. Mukatumiza asainimenti ya .rar kwa munthu amene kompyuta ya mu ofesi yake sinakonzedwe kwa zaka khumi, iye adzangoona uthenga wakuti fayilo ndi yowonongeka, ndipo sadzakuimbirani foni kuti akufunseni. ZIP, imene Phil Katz anayambitsa mu 1989, sifinya kwambiri ngati 7-Zip kapena RAR, koma Windows yakhala ikuitsegula yokha kuyambira XP, ndipo mafoni ambiri amaidziwa. Pa zinthu zotumiza ine ndimasankha imeneyo, ngakhale idye bandulo yochulukirapo pang'ono.

Sindikunyoza amene amafinya. Ndikudziwa chimene chimatifikitsa pamenepo. Hard disk yapadera ndi ndalama ya chakudya cha mwezi. Zoti sungani pa Google Drive zimanenedwa ndi anthu amene sanayesepo kukweza fayilo ya 500MB ali ku Mphunzi, atakwera pachulu kusaka netiweki. Ndipo Microsoft inaika 14 October 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10, pamene Windows 11 imafuna disiki ya 64GB, memory ya 4GB ndi kachipangizo ka TPM 2.0 kamene makompyuta athu ambiri alibe. Tikhala ndi makina akalewa kwa nthawi, ndipo tiziwapanikizabe. Ngati n'kofunika kufinya, finyani Windows yeniyeniyo ndi lamulo la CompactOS limene lili mu Windows 10. Limabweza pafupifupi 2GB, ndipo zikavuta Windows mukhoza kuikanso ina. Zimene munajambula pofunsa agogo a m'mudzi za kafukufuku wanu, zimenezo simungaikenso. Zisiyeni mmene zilili, m'malo awiri, ndipo zolembedwa muzisungenso ngati PDF kapena .txt.

Amene amagulitsa kapena kupereka makompyuta akale m'masukulu ndi m'midzi alinso ndi mlandu pano. Kupereka makina osanena zimene zinachitidwa mkatimo ndi kupereka nyumba yokhala ndi chipinda chokhoma, kiyi n'kupita naye. Nawonso madipatimenti athu a mbiri, zilankhulo ndi chikhalidwe amatituma kumidzi kukajambula mawu a okalamba, amatiphunzitsa kapemphedwe ka chilolezo ndi kalembedwe ka maumboni, koma za mtundu wa fayilo yosungiramo mawuwo zimasiyidwa kwa ana a sayansi, ngati kuti ife sizikutikhudza. Ola limodzi lokha m'chaka choyamba likanakwana.

Tsiku lina ndisanabwerere kusukulu ndinakwera phiri la Mphunzi ndi mwana wa malume. Mapanga a kumeneko ndi gawo la malo a zojambula za pamiyala a Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, malo 127 onse pamodzi. Ndinkafuna kudzitonthoza ndi ganizo losavuta, lakuti mwala susowa pulogalamu. Koma nditaima pamenepo ndinaona kuti si zoona kwenikweni. Zojambula zoyera zija, za Achewa, zambiri n'zokhudza chinamwali, ndipo chithunzi chimodzi chimanyamula mwambo wautali umene amaumasula ndi anamkungwi, kwa oyenera kuumva. Zimenezo zikumvekabe chifukwa omasulira ake alipo ndipo amaphunzitsana. Zofiira zija, mizere ndi timizeremizere tozungulira ta Akafula, zikuoneka bwinobwino, koma eni ake anatha, ndipo akatswiri amangoyerekeza tanthauzo lake. Ndinaziyang'ana monga mmene mnyamata wa ku boma uja ankayang'anira DRVSPACE.000. Kusiyana kwake n'kwakuti za Akafula zinatenga zaka mazanamazana kuti zifike pamenepo, pamene za malume zinangotenga zaka makumi awiri.

Fayilo ya malire inatuluka yonse, masamba 11. Ndinasindikiza makope atatu pa shopu ina ku boma: imodzi ya malume, imodzi ya amayi, imodzi ndaisunga m'sutikesi yanga. Malume anaiwerenga ali pakhonde, magalasi ali pamphuno, n'kupeza kuti agogo ananena kuti malire amadutsa kumadzulo kwa mtengo wa mkuyu, osati kum'mawa monga iwo akhala akuumirira. Anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa ngati kompyuta ingathe kusintha mawu a munthu ikamawafinya. Ndinawauza kuti ayi, mtundu umenewu umabweza chilembo chilichonse mmene chinalili, kapena subweza n'komwe. Anapinda mapepalawo n'kuwaika m'thumba la jekete limene amavala popita kubwalo kwa amfumu. Za nyimbo za pamtondo zija sindinawauzebe.